Mbali Yakumanja

Ku Nonantola chifunga sichigogoda,
chimangolowa m'galaja ya bambo anga, a Ermes,
mmene galimoto yakhala pamatabwa zaka khumi ndi chimodzi,
nthiti zamawaya poyera, khungu mbali imodzi yokha.

Yakumanzere anasula okha
dzanja lawo lisanafe.
Yakumanja andisiyira ine, Nives,
amene ndimagulitsa mankhwala m'famase
ndipo nyundo ndinkaidziwa yopachikira kalendala.

Akhala pampando, bulangete m'maondo,
akuloza ndi chibwano.
Pala sopo, akutero.
Ndikupaka sopo wochapira pa aluminiyamu,
ndikuyendetsa lawi kunsi, pang'onopang'ono,
mpaka mizere yoyera yasanduka bii.
Basi! Ukapitirira pamenepo chisungunuka,
ichi sichifiira ngati chitsulo china,
chimangogwa osatsanzika.

Chazizira. Chafewa ngati khutu.
Ndikuchigoneka m'dzenje la chitsa
chimene agogo anakumba ndi sompho,
ndiye go! go! go! kuyambira pakati,
m'mphepete mukuchita makwinya ngati siketi,
ndikuwasonkhanitsa, ndikuwamenya alowe mwa iwo okha.

Lachitatu linang'aluka.
Ndinamva kamawu kakang'ono, tse,
ndipo mapepala a mayuro makumi asanu ndi atatu
anathera pamng'alu wotalika ngati chala.
Bambo anaseka ndi theka la pakamwa:
chinakuuza kuti chauma, iwe unali kalikiliki kukwiya.

Tsopano ndimamvera.
Chikayamba kulira mokweza ndimasiya,
ndimabwerera ku sopo ndi moto.
Maso amanama, akutero, tseka,
ndipo ndimayendetsa chikhatho pamsana pa madigadi
kufuna tizigwa tomwe nyali yabisa.
Zala zada, sizikuyera ndi sopo yemwe uja.
Makasitomala amayang'ana zikhadabo zanga
ndikamawerenga mapiritsi.

Loweruka tinakweza madigadi pamawaya.
Ndinayeza ndi katoni yomwe anadulira wawo:
wanga watupa, chala chathunthu pamwamba pa tayala.
Ndinatola nyundo.

Anagwira mkono wanga ndi dzanja lotsalalo.
Ndikankhe, akutero. Ndinawakankha
kuzungulira kutsogolo, kumanzere, kumbuyo,
mpando ukulira pasimenti, mpaka kumanja.
Anasisita kutupako nthawi yaitali.

Palibe munthu anaonapo mbali ziwiri za galimoto nthawi imodzi.
Siya choncho.
Mawa chitseko, ndipo ugule sopo wina,
mayi ako ayamba kufunsa.