Mdani wa Mizu

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala mdani wa mizu.
Ine Wiebe, mwana wa Hoogendijk,
womata phula pa madenga a Rotterdam,
ndikaona kaudzu kakusuzumira mumng'alu
ndinkakazula ndi chikhadabo
n'kuthira phula lotentha pabalapo.
Bambo anandisiyira mawu amodzi okha:
denga labwino ndi limene madzi salikonda,
afike, achite manyazi, azipita.

Ndipo ankapitadi.
Ankathamangira m'mipope, mipope n'kulavulira mumsewu,
ngalande n'kutsamwa.
Mvula ya masiku ano siodira,
imakhuthuka ngati wina wapunthwa pa chidebe kumwambako.
Ogasiti uja inalowa m'chipinda chapansi cha Mayi Oosterhuis,
nsapato za malemu amuna awo
zikuzungulira pamadzi ngati abakha.
Dzuwa nalo likakwiya
phula langa linkaphika anthu okhala pansi pake.
Mnyamata wa pansanjika yomaliza
ankagona m'bafa, atafunda thaulo lonyowa.

Kenako kunabwera Yasemin, injiniya,
wamsinkhu wa mwana wanga wotsiriza.
Anagogoda mizati, khutu lili pa simenti,
analemba manambala m'kabuku kopindika,
nati: Nyumbayi yakalamba, koma msana ulipo.
Isenza dothi lakuya ngati chikhatho chanu,
osapitirira.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Dothi padenga? Ife timati kumeneko ndi kulephera ntchito.

Lolemba kireni inakweza matumba.
Ndinayala nsalu yoletsa mizu,
pamwamba pake timakapu tosunga madzi,
miyala yopepuka ngati mbuliwuli,
dothi,
kenako timbewu tonenepa masamba
tobwera topindidwa ngati kapeti.
Mawondo anga, ozolowera kugwadira moto,
anagwadira zomera.
Sindinauze anzanga kumowa.

Mvula yoyamba ndinaima pansi pa mpope, wotchi m'manja.
Mphindi khumi, zii.
Makumi awiri, zii.
Ndinaganiza kuti mpope watsekeka.
Kenako dontho,
dontho lina,
ngati munthu amene wayamba waganiza
asanatsegule pakamwa.

Ndisaname.
Pakona ya kumpoto panadontha miyezi iwiri,
ndipo cholakwa chinali changa, osati cha mizu.
Lendi inakwera; banja la pakhomo nambala 14 linasamuka
lisanaoneko duwa ndi limodzi lomwe.
Mwini nyumba yoyandikana nayo anakana,
denga lake likadali lakuda bii, ntchito ya manja anga,
ndipo msewu umasefukirabe,
kungoti madzi amalekeza mu akakolo
pomwe kale ankafika m'mawondo.
Mayi Oosterhuis amati zimenezo n'zochepa.
Sindiwatsutsa.

Koma mu Meyi njuchi zinakwera nsanjika zisanu ndi zinayi
popanda chikepe.
Ndani anaziuza?
Mbalame ya mlomo wofiira psuu
inaikira mazira atatu pakati pa miyala
ndipo imanditukwana ndikafika ndi zida zanga,
ine amene ndinayala pogona pake.
Mnyamata uja wabwerera pabedi.
Akuti usiku denga limapuma,
amalimva.

Dzulo ndinapeza kamtengo ka makungwa oyera,
kotalika ngati chala,
mbewu yake itabwera ndi mphepo kuchokera kudoko.
Yasemin anandichenjeza kale:
mitengo ayi, mizu yake idzaboola zonse.
Choncho ntchito yanga yakale sinathe.
Ndinagwada. Chikhadabo chinakumbukira chokha.

Koma sindinakataye mumpope.
Ndinadya buledi wanga msangamsanga,
bokosi n'kulidzaza dothi lonyowa,
ndipo ndinatsika nako masitepe onse
pang'onopang'ono, ngati wanyamula msuzi wodzaza mbale,
ndikuyang'ana pawindo lililonse
kuti mumzinda wonse wa miyala uno
ndi pati pamene pangakhale pansi penipeni.