Pakamwa pa Gerivaziyo

Kuseri kwa msika wa ku Ulongwe,
pomwe matumba a kachewere amagona mosanjikizana
kudikira malole a ku Beira,
panali chisakasa cha malata ndi makatoni,
chitseko chake chiguduli.
Metikali awiri, lowa.
Ukasowa, unkasuzumira pa bowo la msomali
mpaka diso limodzi kulira lokha.

M'katimo fungo la thukuta, chimanga chootcha ndi petulo,
jenereta ikutsokomola panja ngati wosuta chingambwe,
ndipo pa benchi lakutsogolo,
mwendo pamwamba pa unzake,
Gerivaziyo,
maikolofoni yomanga ndi mphira ili pa mlomo.

Chitchaina sankachidziwa.
Chimwenye, ngakhale moni.
Koma onse a pa galasi lija
akangoyasamula
ankalankhula ngati obadwira ku Domwe.

Wa lupanga akalumpha denga:
"Iwe, bweza feteleza wanga uja!"
Wadazi akagwera m'dziwe:
"Ndinakuuza, ngongole siwola!"
Ife kuseka, kumenya mabenchi,
mpaka fumbi kuvina m'kuwala kwa kanema.

Mtsikana akayamba kuyimba pamvula,
nsalu itamata m'thupi,
Gerivaziyo ankatsitsa mawu ngati ali pa siwa:
"Akuti mwamuna wake anapita ku Joni,
zaka zinayi, ngakhale kalata."
Mayi Anastaziya a tomato,
omwe anangolowa kudzausa mvula,
ndinawaona akupukuta m'maso ndi kapulana.
Mawa lake anabweranso kulibe mtambo.

Tsiku lina mafuta anatha nkhondo ili pakati.
Mdima bii!
Wina anayamba kale kutukwana,
koma mawu aja sanazime:
"Khalani pansi! Wamugwira pakhosi!
Tamuonani, akufuna mwala, waupeza,
ayi, ndi dzungu!"
Ndikulumbira, tinaona zonse.
Dzungu lija ndinaliona likuphulika.
Palibe anaitanitsa ndalama yake.

Chaka chatha ku Tete,
dzuwa likuwamba anthu ngati mbewa,
tinakhala pa mthunzi pafupi ndi mlatho
ine ndi mphwanga Edimiliso,
ndipo pa foni yake, mosayembekezera,
wadazi uja.
Yemweyo, ndi chipsera chake.
Pansi pakuyenda zilembo za Chipwitikizi.

Ndinawerenga.
Munalibe feteleza.
Munalibe ngongole, munalibe mlamu wakuba mbuzi.
Ankalimbirana mpando wa mfumu ina
ya dziko lomwe sindidzafikako,
ndipo wadazi uja, kani,
anali munthu wabwino.

Ndinaonera mpaka kumapeto.
Zibakera zinali zomwe zija,
koma palibe amene ndinamuzindikira.

Akuti Gerivaziyo anapita ku Moatize
anthu atayamba kuyenda ndi kanema m'thumba.
Ena amati ndi mlonda pa chipata cha malasha,
ena amati fumbi linamudya mawu,
amangolankhula ndi manja.
Pa chisakasa paja pano amagulitsapo makadi a nyimbo,
mnyamata wake sadzutsa ndi mutu womwe.

Iwe wabodza wamkulu,
dzina lako silinakwere pa galasi
pamodzi ndi mayina aja oyenda kumapeto,
omwe sitinkawadikira.
Koma ndiwe unatenga anthu a kutsidya kwa nyanja
n'kuwapatsa minda, apongozi ndi mangawa,
kuti tikamawalirira
tizilirira abale.

Ndinamuuza Edimiliso, tabwezera pomwe alumpha denga,
utseke mawu.
Ndinakonza kukhosi.
"Iwe, bweza feteleza wanga uja!"

Mwanayo anandiyang'ana,
n'kuyang'ananso foni yake,
kenaka anati, malume, batire yatsala pang'ono.

Koma wogulitsa madzi ozizira pambali pathu,
bambo wa imvi za apa ndi apo,
anaika chidebe pansi
n'kundifunsa chapansipansi:
"Achimwene, ndinu a ku Ulongwe?"