Batani Lobwerera Kunyumba

M'kachipinda kapamwamba pa shopu ya matayala ku Ginnery Corner
ndinajambula kanyumba pakona ya sikirini:
denga losongoka, chumuni, zenera limodzi.
Ndinati aliyense adziwa, ukasochera udine apa.

Lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Bangwe,
mafoni atatu m'chikwama, imodzi yong'aluka galasi.
Sitandade 2, ana thothotho pasimenti,
fumbi la choko likuvina m'kuwala kwa pazenera.

Mwatitha anayang'anitsitsa kanyumba kanga.
"Ndi chigayo ichi? Chikutulutsa utsi."
Sanadine.
Analibe chimanga choti agayitse.

Fulaye sadikira malangizo,
chala chake chimafunsa chokha,
apa, apa, apanso, mpaka foni inangoti gwa.
Pa mphindi ziwiri anapeza zitseko
zimene ine mmisiri sindinkadziwa kuti ndinasiya pululu.

Zione samva.
Mawu onse amene ndinajambulitsa masabata awiri,
"Wakhoza!" "Yesanso!"
anagwera pamiyendo pake osaphula kanthu.
Ankawerenga nkhope yanga kuti adziwe ngati walakwa,
ndipo nkhope yanga inali ndi manyazi okhaokha.

Wina anatsinzina, foni kukhutu, milomo ikutsatira.
Wina anati chofiira ndi chobiriwira n'chimodzimodzi,
anzake anaseka, iye ayi.

Mayi Nankhoma anapukuta chala pachitenje katatu
sikirini isanawavomere.
"Achimwene, zilembo zanuzi ndi nyerere.
Magalasi anga anasweka chaka chatha."

Pobwerera ndinakhala pampando wotentha wa pa injini,
ndikuonerera kondakitala.
Pakamwa akukuwa Limbe,
dzanja likumenya chitseko,
chala chikuloza njira,
kabolodi pagalasi kakunenanso zomwezo.
Wosamva anakwera, wosawerenga anakwera,
ngakhale bambo wa ndodo yoyera anakwera.
Mnyamata wa malaya ong'ambika m'khwapa
anandiphunzitsa ntchito yanga, ndi chenje anandipatsa.

Usiku magetsi anazima.
Pa kandulo ndinafufuta chumuni,
ndinanenepetsa zilembo,
ndinapatsa "Wakhoza!" nkhope yomwetulira ndi kanjenjemera m'dzanja,
chofiira ndinachiveka mtanda kuti chisadalire mtundu wokha.
Koma kunyumba ndinalephera kukujambula.

Lolemba ndinapereka pensulo kwa Mwatitha.
Analuma mlomo, nalemba chitseko chotsekula
ndi timasilipasi tiwiri pakhomo,
kena kopanda lamba.

Ndi batani limenelo lili pakona lero.
Lapendekeka pang'ono.
Sindinaliwongole.