Mpando wa Kumanzere

Bambo Tregenza sanayambe ndi kundionetsa injini.
Anandipatsa kabuku.
Kachikuto kakuda, konona ndi girisi,
zaka makumi anayi za inki yabuluu:
tsiku, mamailo, chimene chinathyoka, mtengo wake.
"Werenga," anatero, "ngati ukufuna kuthawa, thawiratu pano."

Kunja mvula ya ku Camborne inkawaza chammbali.
M'shedi, pansi pa bulangete la agalu,
inali phee,
yobiriwira ngati botolo la mowa,
yondilekeza m'chiuno, mipando iwiri basi,
nyali zake tong'oo ngati mwana wodzutsidwa pakati pa usiku.

Ndinagwada, ndinapisa chala kunsi kwa chitseko.
Dzimbiri linayoyoka ngati nyenyeswa za buledi.
Chikomekome cha mkuyu ndinkachidziwa,
nyerere zake ndinaziona ndi maso angawa,
koma ndinayalabe mapaundi zikwi zinayi pa boneti.
Mkuluyo sanaziwerenge.
Anapita kukatseka khola la nkhuku
lomwe linali lotseka kale.

Pa Redruth inazima pa loboti.
Mnyamata wa m'sitolo ya nsomba ndi tchipisi anatuluka,
epuloni ili m'chiuno,
kudzandikankha uku akufa nazo nseko.

Kerensa anaima pakhomo, manja m'khwapa.
"Ndalama zokonzera denga la khitchini zija ndi zimenezi?"
Ndinati nayonso ili ndi denga, la lona, lopindika.
Sanaseke.
Nalonso linkadontha.

Nyengo yonse yachisanu ndinagona chagada pa simenti,
tochi kukamwa, zala zili gwa,
kutukwana mabawuti amene anamangidwa ndisanamere ndevu.
Ndinaphunzira kuti imakana kulira kukachita nkhungu,
kuti mawaya ake amakumana mobisa ngati zibwenzi:
ndikayatsa nyali, waipa ndi amene ankavina.
Jowan Hocking, makaniko wa kuseri kwa tchalitchi,
ankangomva kutsokomola kwake ali m'kati,
n'kuthira tiyi m'makapu awiri.
Dontho la oilo pabwalo linakula,
linasanduka mapu a dziko limene sindinafikeko.

Zambiri zinagonja.
Chimodzi chokha chinandikanika:
mpando wa kumanzere,
wokankhidwira kutsogolo mpaka pamapeto,
woumira pa zitsulo zake, osasuntha ngakhale ndi hamala.
Ndinatsegula kabuku kufuna chifukwa chake.
M'mphepete mwa masamba, pakati pa mitengo ya mapulagi,
munali dzanja lina, la pensulo, lopendekeka:
"Hita sikugwirabe. Mapazi anga ali zii.
Tipitenso Lamlungu."
Patsogolo: "Chipewa changa chauluka pa Portreath. Usaime."
Patsogolonso: "Lero wayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha ine.
Ndazindikira."
Kenako pensuloyo siionekanso.
Zaka zitatu, nambala ya mamailo ndi imodzimodzi,
mkuluyo akusinthabe oilo mwezi wa Malichi uliwonse,
n'kulemba tsiku.

Ndinabweza hamala m'bokosi.

Epulo atafika, dzuwa linatuluka ngati laba chinthu.
Ndinapinda lona, ndinapotoza kiyi,
inalira kamodzi n'kamodzi, ine osakhulupirira.
Kerensa anatuluka atavala jekete langa.
"Mpaka pa positi ofesi pokha," anatero.
Ndi wamfupi mkazi wanga, ngakhale sitinena.
Anakhala pansi, mapazi n'kufika bwinobwino.
"Unandikonzera dala?"
Sindinayankhe. Ndinalowetsa giya.

Positi ofesi tinaipitirira.
Mipanda ya miyala inkathamanga m'mbali,
nkhosa zinatiyang'ana monyoza,
fungo la petulo ndi mchere wa m'nyanja n'kusakanikirana m'mphuno.
Pa chitunda chomaliza inayamba kutsokomola,
kho, kho, kenako zii.
Tinatsetsereka chamumtima mpaka pa geti la munda wa eni ake.

Ine ndili pansi pa boneti, ndinamva akufufuza m'kabati.
Atandiitana, kabuku kanali pa bondo,
cholembera cha m'chikwama mwake chili kukamwa.
"Lero ndi pa chani?" anafunsa.