Mizere ya Che Likaka

Che Likaka anasiya mizere isanu ndi iwiri
pa kompyuta ya ku Ginnery Corner,
zilembo zoyera pagalasi lakuda.
Zaka khumi, mwezi ukatha,
inkatumiza malipiro a alonda kubanki
osafunsa munthu.

Lachiwiri ndinaika pulogalamu yatsopano.
Ati tsopano ili ndi ulemu:
isanakhudze kanthu, iyambe yafunsa.

Ndiye inafunsadi. Pakati pa usiku,
mu ofesi yokhoma:
"Ndipitirize?"
Inadikira mpaka mbandakucha.

Mamawa alonda makumi anayi pageti,
ena wapansi kuchokera ku Bangwe.

Sindikuti kufunsa n'kulakwa.
Inenso ndinafufutapo ntchito ya chaka chonse
ndi chala chimodzi.
Koma wosuntha khomoyo ali kutsidya kwa nyanja,
Che Likaka anagona ku Misesa.
Akanayankha ndani?