Makina Amene Unatumiza

Anafika pa basi ya ku Joni Lachinayi,
katoni yomatidwa ndi tepi wofiira,
dzina langa litalembedwa ndi dzanja lako lija
lopendekeka ngati munthu wothamangira minibasi.
Wakabaza anangoyang'ana n'kupukusa mutu.
Ndinachita hayala takisi mpaka kuno ku Katawa,
katoniyo ili pampando wakutsogolo ngati bwana,
ine kumbuyo.

Khitchini yathu ukuidziwa, Ndindase,
ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri.
Ndinachotsa wailesi, ndinachotsa chitini cha shuga,
hotipuleti ndinaikankhira pakona,
makinawo n'kukhala pathebulo, phwii,
mlendo wonenepa wosafunsa kuti pano pamakhala ndani.

A Munthali eni nyumba anasuzumira pazenera:
"Khoma langa musaboole."
Sindinaboole.
Madzi ndimathira pamwamba ndi jagi, majagi atatu,
paipi yotulutsa zonyansa ndailozetsa mundowa yobiriwira,
ija unkavikamo matewera a Vinjeru.

Mumalowa mbale zisanu ndi imodzi basi,
makapu anayi, masipuni m'kabasiketi kawo.
Ife tatsala atatu, ndiye zimakwana
ndipo malo amatsala.
Malo otsalawo ndi amene sindiwayang'ana.

Tsiku loyamba Vinjeru anakoka mpando,
anakhala pakagalasi ngati akuonera mpira,
madzi akuzungulira, thovu likukwera.
Fiskani anati mkatimo mukugwa mvula ya ku Mzuzu,
yosadziwa kuleka.
NyaChirambo wa khomo linalo anabwera ndi mbale yake yamafuta
kudzayesa ngati si bodza.
Anaitulutsa, anainunkhiza, anaikhwekhwereza ndi chala,
anati, "Koma ulesi wafika pena,"
mawa lake anabwera ndi zitatu.

Poto wamkulu salowa.
Ndinayesa chagada, ndinayesa chammbali, chitseko chinakana.
Mpunga ukapserera, nkhoko zake ndi zanga ndithu,
ine ndi sitiliwulu panja pampopi,
nkhungu itaphimba Kaning'ina yense,
zala zitachita dzanzi.

Magetsi akazima pakati pa ntchito
mbale zimagona m'madzi a sopo mpaka m'mawa,
ife n'kumwera tiyi m'makapu a alendo.
Mayunitsi nawo amawadziwa kudya.
Timibulu ta sopo unaikamo tija tatsala tisanu ndi tiwiri,
ndayamba kutidula pakati ndi mpeni.
Ndazungulira m'mashopu onse m'tauni,
wina anandipatsa mankhwala a njenjete.

Lamlungu unaimba. "Akugwira?"
Ndinati akugwira.
Kumbuyo kwa mawu ako ndinamva madzi akutsika,
magalasi akugundana, ngwe, ngwe.
Unati abwana ako ali nawo aakulu ngati filiji
koma matambula awo a vinyo safuna makina,
amafuna manja.
Unaseka. Ndinaseka nawo.
Foni itaduka ndinakumbuka ming'alu ya m'zala zako
ndi kabotolo ka gilisalini kamene unaiwala pazenera.
Kakadali pomwepo.

Miyezi ingati ya manja ako, Ndindase,
yalowa m'bokosi loyerali?
Sindinafunse. Ukanati ndadule.

Tsopano ndi Juni.
Mawawa sakuleka, malata akudontha pakona paja.
Ana akagona ndimadina batani,
ndimazimitsa nyale kuti mayunitsi afike Lachisanu,
ndimakhala pampando wa Vinjeru kumvetsera.
Amang'ung'udza, amapuma, amayambanso,
ngati iwe ukamatsuka usiku utakwiya
koma osafuna kudzutsa ana.

Akalira katatu ndimatsegula.
Nthunzi imandimenya kumaso, magalasi anga amachita khungu.
Ndimatenga mbale yakumapeto, ya maluwa abuluu,
yobenthuka m'mphepete, yako ija.
Palibe anadyerapo,
ndimangoiikamo kuti mzere udzaze.
Imatuluka yofunda
ngati wina wangoisiya kumene,
ndipo ndimachedwa nayo m'manja
mpaka izizire.