Mkulu wa M'chipinda Nambala Naini

Ndinayamba kukudziwani ndi zala, Bambo Brearley,
osati ndi mbiri.
Sabata yanga yoyamba m'nyumba ya okalamba ku Sheffield kuno,
ndikukuwengani zikhadabo,
ndinapeza nsonga za zala zakumanzere zili gwa ngati chikopa chouma
ndipo ndinati chamumtima: awa anali kalipentala.

Nasreen wa kukhitchini anaseka mpaka kugwetsa supuni.
Iwe Tionge, suwadziwa?
Theka la oyimba a mzinda uno linayamwa kwa mkuluyu.

Lamulungu ndi pamene ndinakhulupirira.
Mvula ikuwaza pamagalasi monga mwa masiku onse
analowa Callum, yemwe nkhope yake imayenda pamabasi,
navula chipewa pakhomo ngati mwana wochedwa kusukulu.
Pambuyo pake Imogen, gitala kumsana,
tsitsi lonyowa, m'manja muli mabisiketi
amene dokotala anakuletsani.

Iwo ndiwo anandiuza.
Akuti fakitale ya zitsulo itatsekedwa
bambo anu anabwera nsapato zantchito zili m'manja
nakhala pampando masiku asanu osatsegula pakamwa.
Inu munatola chete ameneyo
n'kumupezera mawu.
Munayimba za ketulo yowira m'nyumba yopanda malipiro,
za mayi wowerenga makobidi patebulo kawiri
ngati kuti kachiwiriko aswana.

Callum anati: ife tinkachita manyazi ndi lilime lathu.
Tinkabwereka mawu a kutsidya kwa nyanja
ngati jekete la mwini, manja ake otalika kutiposa.
Mkuluyu anayimba dzina la msewu wathu pawailesi,
msewu wa zinyalala ndi shopu imodzi ya tchipisi,
ndipo tsiku limenelo tinadziwa
kuti nafenso tili ndi kwathu koyimbika.

Lero dzina la mkazi wanu linakuthawani.
Mumanditcha Raymond, sindidziwa kuti anali yani.
Mumafunsa ngati basi yomaliza yapita
ndipo ndimati ayi, ikadalipo, imwani kaye tiyi.

Kwathu amati ng'oma yomveka sichedwa kung'ambika.
Sananene za amene anaimva isanang'ambike,
kuti amayenda nayo m'mapazi moyo wonse.

Imogen anakhala m'mphepete mwa bedi
nayamba ija ya mayi ndi makobidi.
Maso anu anali kuzenera, kwa nkhunda ziwiri padenga.
Pa vesi yachitatu chala chake chinaphonya waya,
pang'ono pokha, ine sindinamve n'komwe.
Dzanja lanu linadzuka pabulangeti.
Ayi mwana, pamenepo tsika.
Tsika, usathamange, mayiyo sanamalize kuwerenga.

Anatsika.
Atamaliza munamuyang'ana nthawi yaitali
n'kufunsa: nyimbo yabwino chonchi anapeka ndani?
Callum anatulukira kukhonde, akuti kukasuta,
munthu woti anasiya fodya kalekale.
Ndinati, ndi inu, bambo.
Ine? Munaseka mpaka kutsokomola.
Ndiye kuti anali mnyamata wamakutu.

Usiku umenewo nditaweruka sindinagone.
Pansi pa bedi langa pali kope la zaka zinayi
lodzaza nyimbo zachikondi m'Chingerezi chobwereka,
zonena za maluwa amene sindinawanunkhizepo.
Ndinatembenuza tsamba.
Ndinalemba za mayi anga ku Mchinji
atakwera pachulu kusaka netiweki,
foni m'mwamba ngati akupereka nsembe,
kudikira uthenga woti ndalama zalowa.
Ndinalemba za magolovesi abuluu,
za fungo la sopo wa pano losachoka m'manja.

Sindinakuuzeni, ndipo mwina simudzaimva.
Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa.
Ndidzakumetani ndevu, ndidzakuvekani juzi lobiriwira lija,
mudzanditcha Raymond, ndidzavomera,
ndipo pogwira dzanja lakumanzere
ndidzachedwapo pang'ono.